Kapepala ka Mfumu ndi Dzina la M'kaundula

Pa kampasi pano pafupifupi tonse tili ndi loto limodzi: ndikangopeza ntchito, choyamba ndiwachotse mayi pa lendi. Timadziwa mtengo wa thumba la simenti, timatsutsana za mapuloti a ku Area 49 ndi a ku Chileka, ena adajambula kale pulani ya nyumba kumapeto kwa kope. Koma sindinamvepo wina akufunsa kuti nyumba imakhala yako liti pamaso pa lamulo. Timangoti ndalama zikapita, makiyi akabwera, nkhani yatha.

M'makwalala ambiri a m'tauni kugula nyumba kumayenda chonchi. Dobadoba amakupezera nyumba, mumagwirizana mtengo, kenako mumapita kwa mfumu ya dera. Wina amang'amba pepala m'kope n'kulemba kuti uje wagulitsa nyumba yake kwa uje pa mtengo wakuti. Mboni ziwiri zimasaina, mfumu imadinda chidindo, ya mfumu imaperekedwa, anthu n'kumwa fanta. Kapepalako sikachabe ayi. Kamasonyeza kuti ndalama zidaperekedwa, tsiku lakuti, anthu akuona. Chimene sikanena n'chakuti wolandira ndalamayo anali ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo kapena ayi.

Amalume anga adazionera okha zimenezi. Adagula nyumba ya zipinda zitatu ku dera lina la mu Blantyre kwa mnyamata amene bambo ake anali atamwalira. Dera lonse linkamudziwa kuti ndi mwana wa pakhomopo, ndipo mfumu idachitira umboni mosakayika. Patatha chaka ndi theka kudatulukira azichemwali ake awiri amene ankakhala kutali, n'kunena kuti nyumba ya bambo awo sidagawidwe ndipo iwo sadavomere kuti igulitsidwe. Ankanena zoona. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limapereka gawo kwa ana onse, aamuna ndi aakazi omwe, komanso kwa mkazi kapena mwamuna wotsala. Munthu akamwalira, woyendetsa chuma chake amayenera kukhala ndi chikalata chochokera ku khoti. Mnyamata uja analibe. Amalume anali atapaka kale penti ndi kumanga mpanda wa njerwa. Nkhaniyo idatha ndi kuwonjezera ndalama zina kwa azichemwaliwo, ndalama zimene anali atasungira fizi ya msuweni wanga.

Chimandivutitsa maganizo n'chakuti funso limodzi likadawapulumutsa: nyumbayi ili m'dzina la ndani, ndipo mapepala ake ali kuti? Sadafunse chifukwa cha ulemu. Kwathu kuno kupempha munthu mapepala kumamveka ngati ukumutcha wakuba, makamaka ngati mumapemphera mpingo umodzi kapena amene wakulozera nyumbayo ndi mlamu wako. Timadziwa tonse kuti safunsa adadya phula, komabe pa nkhani ya ndalama zambiri chonchi ndi pomwe manyazi amatigwira kwambiri.

Njira ya lamulo imayamba ndi kudziwa mtundu wa malowo. Nyumba zambiri za m'mizinda mwathu zili pa malo a lizi, ndiye kuti mwini nthakayo ndi wina: boma kudzera ku Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation, kapena khonsolo ya mzinda. Lizi ya nyumba yokhalamo kawirikawiri imakhala ya zaka 99. Ukamagula nyumba yotere ukugula zaka zotsala pa liziyo pamodzi ndi malamulo ake. Ngati wogulitsayo adasiya kalekale kulipira lendi ya malo ya chaka ndi chaka, kapena msonkho wa khonsolo, ngongoleyo idzakupeza iwe amene wakhala m'nyumbamo.

Kenako pamabwera kafukufuku ku ofesi ya kaundula wa malo, kumene umapita ndi nambala ya pulotiyo. Apa ndi pamene ndikadakonda aliyense atachedwapo, chifukwa mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa nyumba. Kaundula amaonetsa dzina la mwini wake. Amaonetsanso ngati nyumbayo idaperekedwa chikole ku banki, kapena ngati pali wina amene adaikapo chiletso chakuti isagulitsidwe. Nyumba ya chikole imaoneka ngati nyumba ina iliyonse, maluwa ali pakhonde, ana akusewera pabwalo. Ngongole ikakanika, banki imagulitsa nyumbayo posayang'ana kuti mukugona ndani.

Zikakhala bwino pamenepo, loya amalemba pangano la malonda: mtengo, kalipiridwe, tsiku lolowa m'nyumba, ndi chimene chidzachitike wina akabwerera m'mbuyo. Munthu wochenjera sapereka ndalama zonse nthawi imodzi, amasunga gawo mpaka mapepala atayenda. Pa malo a lizi pamafunika chilolezo cha mwini nthaka uja kuti dzina lisinthe. Pamafunikanso chikalata cha MRA chosonyeza kuti za misonkho zili bwino, ndipo pali msonkho wa stamp duty umene amawerengera pa mtengo wa nyumba. Pomaliza chikalata chosinthira umwini chimakalembetsedwa ku kaundula kuja. Tsiku limenelo lisanafike, ngakhale utakhalamo zaka khumi, boma likudziwabe wogulitsa uja ngati mwini nyumba, ndipo akakhala wopanda chisoni akhoza kuigulitsanso kwa wina.

Ndikudziwa chimene anzanga ena anene: zonsezi n'za anthu a ku Namiwawa ndi ku Area 10. Ali ndi mfundo. Loya amafuna ndalama, saveya amafuna ndalama, ndipo mayi wogulitsa tomato sangatseke benchi yake masiku angapo kuti azikadikira pa mzere. Nyumba zambiri za ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Chinsapo zilibe n'komwe chikalata choti ukachifufuze ku kaundula. Anthu amathamangira kwa mfumu chifukwa mfumu ili pafupi, imawadziwa, ndipo imamaliza nkhani tsiku lomwelo. Sindiwaseka. Malamulo a za malo a 2016 adayesa kufika kwa anthu otere, mwa zina polola kuti malo a makolo azilembetsedwa m'dzina la munthu kapena banja kudzera m'makomiti a m'midzi, koma ntchito yolembetsa dziko lonse si ya chaka chimodzi.

Ngakhale kumene kulibe chikalata, mafunso sasowa. Ngati pulotiyo idaperekedwa ndi khonsolo, khonsoloyo ili ndi mabuku ake, ndipo dzina likhoza kusinthidwa kumeneko. Ngati wogulitsa ali pabanja, mkazi wake akhalepo ndipo asaine, chifukwa nyumba zambiri zimagulitsidwa mayi ali kumudzi kokolola. Ngati ndi ya masiye, ana onse atchulidwe mayina ndipo chikalata cha ku khoti chioneke. Oyandikana nawo afunsidwe za malire dobadoba palibe.

Ife amene tafika ku yunivesite tili ndi gawo pa nkhaniyi ngakhale tilibe ndalama yogulira khomo limodzi lokha. Pa tchuthi ndife amene timaitanidwa kuti, “Iwe wophunzira, tabwera utilembere apa.” Ndipo timalemba, mwaluso ndithu, Chingerezi chosalala, n'kusaina ngati mboni. Tchuthi chikubwerachi azakhali anga akufuna kugula kanyumba ku Lilongwe ndipo andiuza kale kuti ndidzakhale mlembi. Ndawayankha kuti ndidzabwera, koma ayambe apempha nambala ya puloti ndi chiphaso cha wogulitsayo, tikaone kaye ngati dzina la pa chiphasocho likufanana ndi la m'mabuku a khonsolo. Adandiyang'ana ngati ndatukwana, kenako n'kuti akamufunsa Loweruka.