Kumene Olemera Amayenda Opanda Nsapato

Amayi anzanga, kutsidya kwa nyanja, kum'mwera chakum'mawa kwa Australia, kuli dziko la zilumba lotchedwa New Zealand. Mlendo wochokera kwathu kuno akafika mumzinda wa Auckland m'mwezi wa Januwale, pamene kumeneko kuli nyengo yotentha, maso ake amathera pa mapazi a anthu. Bambo waulemu wake amatsika m'galimoto lamakono atavala kabudula, nalowa m'sitolo yaikulu kukagula mkaka ndi buledi, kuphazi kulibe kanthu. Palibe womucheukira kapena womunong'ona. Ana ambiri a pulayimale nawonso amasewera ndi kuphunzira opanda nsapato, makolo awo ali ndi ndalama ndithu.

Zifukwa zake zilipo. Dzikoli lilibe njoka za kumtunda, matekenya kulibe, udzu ngofewa, ndipo mizinda yambiri ili m'mphepete mwa nyanja, mwakuti munthu amachoka pamchenga n'kulunjika kusitolo. Amene wafuna kuteteza phazi amangoponda patapata, amene iwo amawatcha jandals, dzina lomwe linayamba mu 1957.

Komatu ine ndikuona kuti nkhani yagona pa manyazi. Tikukumbukira amayi athu akunyamula nsapato m'manja ulendo wonse wa kutchalitchi, n'kupukuta fumbi ndi kuzivala atayandikira khomo. Kwa iwo nsapato zinali ulemu wopezeka ndi thukuta, ndipo mpaka lero mwana woyenda wopanda nsapato m'tauni amachititsa mayi wake manyazi. Munthu amene aliyense akudziwa kuti nsapato ali nazo kunyumba savutika kuzisiya. Tisaganize tsono kuti kumeneko kulibe osauka. Nthawi yachisanu, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mwana wofika kusukulu phazi lili pamtunda amadetsa nkhawa aphunzitsi, ndipo bungwe la KidsCan, limene linakhazikitsidwa mu 2005, limagawa nsapato, majekete a mvula ndi chakudya kwa ana otere.

Mlendo asafulumirenso kunena kuti anthuwa alibe mwambo. Eni nthaka a dzikoli, Amaori, ali ndi bwalo lawo lotchedwa marae, pamene pamakhala nyumba ya misonkhano yosemedwa mwaluso, wharenui. Nyumbayi amaiona ngati thupi la kholo lawo: mtanda wa pamwamba pa denga ndiwo msana, mapaso ndiwo nthiti, ndipo matabwa awiri otsetsereka a kumaso ndiwo mikono yotambasuka kulandira alendo. M'malo ambiri wolowamo amavula nsapato pakhomo, kaya ndi nduna ya boma, kaya mwana, kuti fumbi la kunja lisalowe mwa makolo. Pa mwambo wolandira alendo, kabudula uja saonekanso: abambo amavala mabuluku aatali, amayi masiketi ofika m'munsi mwa mawondo, kawirikawiri akuda, monga ife timangira chitenje popita kumaliro.

Palinso china chimene mayi wa kwathu angalakwe nacho mosadziwa. Kwa Amaori, kukhalira tebulo n'konyansa, pakuti pamene pamaikidwa chakudya sipayenera kukhudzana ndi matako. Mutu nawonso ngopatulika, choncho chipewa kapena chipeso sichiikidwa pa tebulo lodyera. Mayi yemwe uja amene sanadabwe pokuonani mukugula ndiwo opanda nsapato adzakuchotserani mwakachetechete chipewa chanu mukachisiya pambali pa mbale.