Kalata yochokera ku Joni: nkhani ya mayunitsi aja

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amama ndi onse kunyumba ku Jenda. Ine kuno ku Johannesburg ndili bwino, kungoti chisanu chafika povuta, m'mawa zala zimakana kugwira kiyibodi. Kalatayi ndaipatsira mnyamata wa kwathu amene akukwera basi ya ku Mzimba, pamodzi ndi chikwama cha mabulangete. Lofiiralo ndi la agogo, usalitenge.

Voisi yako ya pa WhatsApp ndinaimvera mpaka kumapeto, ngakhale theka lake linali phokoso la malole a pa M1 ndi amayi otsatsa tomato. Ndamva kuti kalabu ya alimi inakusankha kukhala mlembi, ndipo laputopu yakale ija yayamba kugwira ntchito yooneka. Zandisangalatsa. Koma zoti kampani ya ma SMS ikukuberani mayunitsi, pamenepo dekha kaye. Usanapite kukakalipira anthu, tiye tione pulogalamu yako, chifukwa chithunzi chimene unanditumizira chaulula zonse.

Iwe unalemba chonchi mu Python:

uthenga = uthenga + " Yewo chomene ŵabale."

Mzere umenewu ulibe cholakwa. Umo ndi momwe timawonjezera zilembo kumapeto kwa string, ndipo ukafuna kufupikitsa umangolemba uthenga += kenako mawu akowo. Unakumbukiranso kusiya mpata patsogolo pa Yewo, pomwe ambiri oyamba kumene amaiwala, mawu n'kumatuluka atamatirana. Chadya ndalama za kalabu ndi kachilembo kamodzi ka m'mawu omalizawo, ŵ wa kachipewa pamutu.

SMS imodzi imanyamula ma byte 140 basi, amene ndi ma bit 1,120. Zilembo wamba za mu mndandanda wa GSM zimatenga ma bit 7 chilichonse, ndiye ukagawa umapeza 160, nambala imene tonse tinakula tikuidziwa pa ma Nokia aja. Mndandanda umenewu unakonzedwa ku Ulaya. Muli é, ñ, ü ngakhalenso zilembo zingapo za Chigiriki, koma ŵ wathu mulibe. Ukangoika chilembo chimodzi chomwe mulibemo, uthenga wonse, kuyambira chilembo choyamba, umasamukira ku dongosolo lina lotchedwa UCS-2, kumene chilembo chilichonse chimatenga ma bit 16. Pamenepo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga ukapitirira malire umadulidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimataya malo pang'ono osungira chizindikiro choti foni yolandira ilumikize zigawozo: 153 pa zilembo wamba, 67 pa UCS-2.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti uthenga wa msonkhano uli ndi zilembo 130. Moni wako wa kumapeto, powerengera mipata ndi kadontho, ndi zilembo 21. Zonse pamodzi 151, zokwana bwinobwino mu SMS imodzi. Koma chifukwa cha ŵ uja, 151 igawidwa ndi 67, n'kutuluka zigawo zitatu. Ngati mamembala ali 200, walipira ma SMS 600. Mlimi wa ku Champhira pa foni yake akuona uthenga umodzi wooneka bwino, ndiye palibe amene angakuuze kuti china chake chavuta. Zili ngati pokweza katundu pa basi ya ku Joni: kathumba kamodzi kowonjezera pamapeto ndi kamene kamasintha mtengo wa ulendo wonse.

Palinso mnzake wa ŵ woopsa kuposa iyeyo, chifukwa saoneka. Ndi kachizindikiro kam'mwamba ka m'mawu ngati ng'ombe, m'mudzi, n'zoona. Kowongoka ka pa kiyibodi kali mu GSM. Koma ukalemba uthenga mu Microsoft Word n'kuukopera mu pulogalamu, Word amakapinda kuti kaoneke kokongola, ndipo kopindikako mu GSM mulibe. Ife olemba Chichewa ndi Chitumbuka timakagwiritsa ntchito pafupipafupi, ndiye msamphawu umatikola kwambiri kuposa olemba Chingerezi. Kuntchito kwathu kuno, uthenga usanatumizidwe timayamba tasintha tonse topindika kukhala towongoka ndi replace().

Nanga ŵ umutaye? Maganizo anga ndi akuti pa SMS lemba w wamba. Palibe munthu wa ku Embangweni kapena ku Luwerezi amene angasokonezeke poona wabale. Ndalama zimene mamembala amasonkha atagulitsa tomato ndi anyezi si zolipirira kachipewa. Koma m'buku la kalabu, pa makalata osindikiza ndi pa WhatsApp, mulembe ndithu, kumeneko salipiritsa. Akomiti akakakamira kuti akhalepo, aonetse masamu ali pamwambawa, asankhe okha akudziwa mtengo wake.

Chachikulu n'choti uziyeza kutalika kwa uthenga ndi len() utamaliza kuwonjezera zonse, osati usanawonjezere. Mu pulogalamu yako unayeza pamwamba, kenako m'munsi n'kuwonjezera dzina la membala, ngongole yake ndi moni. Maina sakhala ofanana kutalika, ndiye wina uthenga wake ukwana, wa mnzake usefukira.

Zina ziwiri zazing'ono. Ukafuna kuika ndalama kumapeto, "K" + 5000 Python akana, chifukwa sasakaniza mawu ndi nambala. Lemba "K" + str(5000). Ndipo maina owerengedwa kuchokera mu fayilo amabwera ndi chizindikiro chobisika cha mzere watsopano kumapeto kwake, n'chifukwa chake ngongole imagwera pa mzere wachiwiri. Chichotse ndi strip() usanawonjezere kanthu.

Unafunsanso zimene unamva kwa mnzako wa ku Mzuni, zoti += imachedwetsa kompyuta. Sananame. Mu Python string ikapangidwa siisinthika, ndiye powonjezera kompyuta imapanga ina yatsopano n'kukoperamo zakale zonse. Pa SMS ya mizere iwiri zimenezo usazidere nkhawa. Tsiku limene udzalembe lipoti la chaka la mizere masauzande, udzaike zidutswazo mu list n'kuzilumikiza kamodzi ndi join().

Za kuno palibe zambiri. Anyamata a kwathu ndimakumana nawo Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, nkhani zimangokhala za mapepala ndi mtengo wa randi. Ambiri akukonzekera kubwera mu August ku Umthetho ku Hora. Ine ndikapatsidwa tchuthi ndibwera nawo, koma usawauze kaye amama, angayambe kunenepetsa nkhuku pachabe. Ndalama ya feteleza ndinatumiza pa Mukuru, ukaitenge ndi chitupa chako ndipo risiti usunge.

Ukakonza pulogalamuyo, yamba wadzitumizira wekha uthenga umodzi, uone mayunitsi achoka angati, kenako ndiye utumize kwa anthu onse. Undijambulire zotsatira zake.

Upereke moni kwa amama, agogo ndi asibweni.

Ndine mkulu wako.