Mlendo Wosanena Odi

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambo yathu,

Ndili mnyamata, agogo anga ankandiphunzitsa kuti mlendo sabwezedwa pakhomo. "Mlendo ndi mame," iwo ankatero, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka, choncho m'patse mpando, madzi ndi nsima asanapite. Mwambo umenewu ndakalamba nawo, koma unatsala pang'ono kundibetsa fizi ya mmodzi wa inu.

Tsiku lina m'mawa, nditakonzeka kutumiza ndalamayo kwa mwana wanga wa kutauni, foni inalira. Uthengawo unati: "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo yavuta." Ndinali nditayamba kale kudina manambala pamene agogo anu aakazi anandifunsa kuti, "Kodi bambo, mwana wathu anayamba liti kukulemberani osafunsa mmene mwadzukira?" Nditamuimbira mwanayo, ndinapeza kuti sankadziwa kanthu.

Pamenepo uphunzitsi unandigwira. Ndinamuyankha mkuluyo ndi uphungu wautali pa za kuipa kwa kuba. Kuyambira sabata yomweyo mauthenga anachuluka ngati ngumbi. Wina anati ndapambana galimoto pa mpikisano umene sindinalowe, wina anali ndi mankhwala ochiza nyamakazi, shuga ndi umphawi womwe. Mdzukulu wanga wamkulu anandimasulira kuti anthu otere amamwaza uthenga umodzi kwa anthu zikwizikwi, monga msodzi aponyera khoka m'nyanja. Poyankha paja, ndinawadziwitsa ndekha kuti nambalayi ili ndi mwini wake amene amawerenga.

Pa Chingerezi mauthenga otere amawatcha spam, dzina lobwerekedwa ku nyama ya m'chitini imene inayamba kugulitsidwa ku America mu 1937. Vutoli si ladzana. Mu 1978 munthu wina wotsatsa makompyuta kumeneko anatumiza kalata imodzi ya pakompyuta kwa anthu pafupifupi 400 amene sanamupemphe, ndipo ambiri anaipidwa nazo.

Kwa masiku angapo mtima unkanditsutsa. Kodi kukhalira munthu chete si mwano? Kenako ndinakumbukira kuti mwambo wa alendo uli ndi mbali ziwiri. Mlendo weniweni amaima chapatali nanena odi, nadikira kuti amuvomere. Akakhala pansi amalonjeredwa, nafotokoza kumene wachokera ndi chimene wadzera. Wolowera kuseri kwa nyumba, wopanda odi, wopanda dzina, makolo athu sankamuyalira mphasa.

Komabe sindifufuta uthenga ndisanauwerenge, pakuti akulu anati mlendo ndi amene abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwezi watha nambala yachilendo inandilembera. Mwini wake anayamba ndi moni, natchula dzina lake, mudzi wa kwawo ndi chaka chimene ndinamuphunzitsa Sitandade 8. Ameneyo ndinamuyankha misozi ili m'maso.

Tsono mauthenga ndimawapeta monga mayi apetera mphale m'lichero, kuti gaga apite payekha. Wondifulumizitsa kutumiza ndalama, ndimayamba ndaimbira mwini wake pa nambala imene ndikuidziwa. Wopempha nambala yanga yachinsinsi sindimupatsa, ngakhale atalumbira kuti ndi wa ku ofesi. Wondilonjeza chuma chimene sindinachikhetsere thukuta ndimamutsekera osamuyankha, pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Adzukulu anga, landirani alendo monga anachitira makolo anu. Koma musanayale mphasa, yambani mwamva odi.