Anabereka Ellie Kawiri

Pali anthu amene mawu awo timawadziwa kwa zaka zambiri, koma titakumana nawo pamsewu sitingawapatse ngakhale moni. Kwa ine, Ashley Johnson ndi mmodzi wa anthu oterowo. Ndinayamba kumumva ndisanadziwe dzina lake, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri amene tinkaonera makatuni pa DStv, kaya ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Harare, tinamumvapo. Mawu a Gwen Tennyson mu Ben 10: Alien Force, imene inayamba mu 2008, ndi ake. Mawu a Terra mu Teen Titans ndi akenso, chimodzimodzi a Gretchen, kamtsikana kanzeru kamagalasi ka mu Recess. Koma mayina a eni mawu amabwera kumapeto, m'tizilembo tothamanga, ana onse atadzuka kale kupita kosewera.

Johnson anabadwa mu 1983 ku California, ndipo ntchitoyi anaiyamba nkhope yake ikuonekera. Kuyambira 1990 mpaka 1992 anali Chrissy Seaver, chitsiriza m'banja la mu sewero la pa TV lotchedwa Growing Pains. M'chaka chomaliza cha seweroli munalowanso mnyamata wina dzina lake Leonardo DiCaprio. Za kumene DiCaprio anakafika sindichita kukuuzani. Johnson njira yake inali ina. Mu 2000 anali mwana wa Mel Gibson mu filimu ya What Women Want. Mu 2011 anaoneka pang'ono mu The Help, ndipo mu 2012 anali woperekera zakudya mu The Avengers, munthu amene amaoneka kanthawi kochepa moti mukapita kukhitchini kukatenga madzi mupeza wadutsa. Amene amayeza wosewera ndi kukula kwa nkhope yake pa chithunzi choitanira filimu anganene kuti mayiyu sanapite patali.

Ntchito imene inamukhazikitsa ndi imene nkhope yake inabisika. Mu 2013 kampani ya Naughty Dog inatulutsa gemu ya PlayStation 3 yotchedwa The Last of Us. Nkhani yake ndi ya dziko la America litasakazidwa ndi nthenda yochokera ku mtundu wa bowa wotchedwa Cordyceps, imene imasandutsa anthu zilombo zolusa. Mtsikana wazaka 14, Ellie, walumidwa koma sakudwala, ndipo bambo wina wouma mtima, Joel, akuyenera kumuperekeza ulendo wautali kwa anthu amene akufuna kupeza mankhwala. Johnson, amene nthawiyo anali pafupi kukwanitsa zaka 30, ndiye anali Ellie.

Ambiri amaganiza kuti ntchito yotereyi ndi kungowerenga mawu pa maikolofoni. Si choncho. Wosewera amavala chovala chothina chomatidwa timipira ting'onoting'ono, n'kulowa m'chipinda chopanda kanthu chozunguliridwa ndi makamera. Mulibe nkhalango, mulibe chipale, mulibe chilombo. Zonsezo amaziona mumtima. Makamera amatola kayendedwe ka thupi lake, kenako akatswiri a pakompyuta amamanga Ellie pamwamba pake. Akatero amapita kojambulira mawu kukajambula zina zonse: kukuwa, kupuma mwawefuwefu, kutukwana, nthabwala zosaseketsa zimene Ellie amawerenga m'kabuku kake. Neil Druckmann, amene analemba nkhaniyi, anafotokozapo kuti Johnson ndiye anachititsa kuti Ellie asakhale mwana wongobisala kumbuyo kwa Joel koma wodziteteza yekha. Bungwe la BAFTA la ku Britain linamupatsa mphoto ya wosewera wopambana m'magemu mu 2014, n'kumupatsanso mu 2015 chifukwa cha gawo lowonjezera lotchedwa Left Behind.

Gemu imeneyi ndinaisewera pa makina obwereka, usiku wokhawokha, kwa milungu ingapo. Filimu imatha maola awiri, munthu n'kudzuka. Gemu umakhala nayo masiku, ndipo pofika gawo la nyengo yozizira, pamene Joel wavulala ndipo Ellie akusaka yekha chakudya ndi uta, zala zako ndi zimene zimamuyendetsa. Ukalakwitsa amafa iye, kukuwa kwake n'kukulowa m'khutu. Zimenezi sizinandidabwitse kwambiri, chifukwa ife amene tinakulira pa wailesi timadziwa mphamvu ya mawu okha. Tinkazungulira wailesi kumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC, ndipo palibe amene ankadandaula kuti sakuona nkhope. Munthu akangotsokomola tinkadziwa kuti walowa ndani, akausa moyo tinkadziwa kuti kunja kwaipa. Luso limenelo ndi lomwe ndinalimva mwa Ellie.

Mu 2023 HBO inasandutsa gemuyi kukhala sewero la pa TV. Kamera silola zimene kompyuta imalola: mayi woyandikira zaka 40 sangakhale mtsikana wazaka 14. Choncho Ellie anakhala Bella Ramsey wa ku England, amene anaigwira bwino ntchitoyo. Johnson anamupatsa mbali ya Anna, mayi ake a Ellie. M'gawo lomaliza la chigawo choyamba, limene linaonetsedwa mu Malichi 2023, Anna ali ndi pakati potopa, akuthawa chilombo m'nkhalango, n'kudzitsekera m'nyumba yosiyidwa. Chilombo chimulowerera, amachipha ndi mpeni, koma chamuluma kale, ndipo mwana wabadwa. Amadula mchombo, n'kupereka khandalo kwa mnzake Marlene, podziwa kuti iye kwake kwatha. Amene tinasewera gemu ija tinamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: mawu a Ellie akutonthoza Ellie. Olemba seweroli anachita bwino, pakuti ananena zoona. Mtsikanayo anamubereka ndi Johnson, ndipo tsopano anayenera kumupereka kwa wina. Komabe zonsezi zinatenga mphindi zochepa, ndipo amene sanasewerepo gemu anangoona mayi wina wake akumwalira.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu amene chuma chake ndi mawu amalandidwa mosavuta, chifukwa anthu sadziwa kuti mawuwo ali ndi mwini. Bungwe la osewera la ku America, SAG-AFTRA, linanyanyala ntchito kumakampani akuluakulu a magemu kuyambira Okutobala 2016 kwa pafupifupi chaka, pa nkhani za malipiro komanso kuwonongeka kwa pakhosi chifukwa chokuwa maola ambiri. Mu Julayi 2024 linanyanyalanso, ulendo uno chifukwa cha AI, ndipo mgwirizano unapezeka chapakati pa 2025. Osewerawo ankafuna kuti kampani isamatenge mawu kapena kayendedwe ka munthu n'kupanga chifaniziro chake popanda chilolezo ndi malipiro. Taganizani maola onse a mawu a Ellie amene anajambulidwa pa magemu awiri, kuphatikizapo The Last of Us Part II ya mu 2020. Makina ataphunzitsidwa ndi mawu amenewo, Ellie wachitatu angalankhule Johnson ali kunyumba, ndipo ambiri sangazindikire. Funso lomweli lidzawapeza amene amasewera pa wailesi ndi kuwerenga zotsatsa malonda m'zilankhulo zathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo ndi ntchito ina ya Johnson, imene inayamba ngati macheza. Iye ndi anzake a ntchito ya mawu ankakumana kusewera Dungeons & Dragons, masewera okamba nthano atazungulira tebulo. Mu 2015, chaka chomwe anayamba kusewera Patterson mu Blindspot pa NBC, gululi linayamba kuonetsa masewerawo pa intaneti pa dzina loti Critical Role. Kenako anakhazikitsa kampani yawoyawo. Mu 2019 anapempha owatsatira kuti asonkhe ndalama pa Kickstarter zopangira katuni, ndipo zinapitirira madola 11 miliyoni. Katuniyo, The Legend of Vox Machina, inatuluka mu 2022, ndipo Johnson amalankhulamo ngati Pike, munthu amene anamupanga yekha patebulo paja.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ellie, ngakhale anamupatsa mpweya, ndi katundu wa Naughty Dog ndi Sony; Gwen ndi wa Cartoon Network. Pike ndi wa kampani imene Johnson ndi mmodzi wa eni ake. Zinamutengera zaka pafupifupi 30 za ntchito kuti afike pamene mawu ake sangatengedwe iye osafunsidwa.