Teremu ya Dzinja pa Sukulu Yathu ya Mishoni

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Dedza, kumapiri kwa alimi a mbatatesi ndi nyemba, m'malo mwa makolo anzanga amene ana athu amaphunzira pa sukulu ya pulayimale ya mishoni. Pa materemu atatu a chaka, imene imatiyesa kwambiri ife kuno ndi yachiwiri, yoyamba mu Januwale n'kutsekera Pasaka atayandikira. Imagwera pakati penipeni pa dzinja, nkhokwe zitapepuka, chimanga chisanakhwime, dzanja lililonse la pabanja likufunika pa khasu.

Sukulu za mpingo si zachilendo m'boma lathu. Amishoni anakhazikika ku Mua mu 1902, ndipo agogo athu ambiri anaphunzira kuwerenga m'timatchalitchi ta udzu, akatekisiti ndiwo aphunzitsi. Mwambo umenewo ulipobe. M'mawa belu likalira, chitsulo cha gudumu lakutha la galimoto chopachikidwa pamtengo, ana amaima m'mizere, kupemphera ndi kuimba asanalowe m'kalasi. Ana a mipingo ina, a Chisilamu, ngakhale ochokera m'mabanja a kudambwe, onse amalembedwa popanda wowafunsa kalata ya ubatizo. Tikawadutsa akusesa pabwalo sitingaloze kuti uyu ndi wa chipembedzo chakuti, ndipo chimenechi timanyadira nacho.

Koma pemphero la m'mawa limaperekedwa ndi ana amene ambiri sanalawe kanthu chidzukire. Februwale akafika, m'makalasi mumayamba kuoneka mipata. Mwana wamkulu amatsagana ndi amayi ake kukagwira ganyu wopalira kapena kubandira kuti madzulo m'nyumba mupezeke ufa. Ena amawoloka malire, pakuti Mozambique ili pafupi nafe, n'kukakhala kumeneko masabata angapo. Pobwera amapeza anzawo atapita patali ndi masamu, amachita manyazi, kenako basi. Kuwadzudzula makolo otere n'kosavuta kwa munthu wokhuta. Ife timadziwa kuti phala likamaphikidwa pasukulu, ana amathamanga okha ndi makapu awo m'manja, ngakhale kukhale chifunga chozizira cha kuno. Likangosowa ufa, kaundula wa aphunzitsi amadzaza ndi ojomba. Amayi a m'midzi amasinthana kudzuka mbandakucha kukasonkha moto ndi kutakasa phalalo osalandira kanthu, ataika pambali minda yawo yomwe.

Sukulu yathu yakhala ngati mphika pa mafuwa atatu: malo ndi dzina ndi za mpingo, aphunzitsi amalipidwa ndi boma, njerwa timaumba ndife a m'mudzi. Zinthu zikamayenda, onse atatu amayamikirana pa misonkhano. Denga likayamba kudontha, aliyense amayang'ana mnzake. Chilimwe chilichonse mafumu amatimemeza, timaumba njerwa, kuotcha, kututa mchenga kumtsinje. Mauvuni ena amera udzu akudikira simenti ndi malata, zimene mlimi wogulitsa mbatatesi kwa mavenda pa mtengo wongomuuza sangazikwanitse.

Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuposa zipinda, ndipo mpaka lero zipindazo sizinawapeze. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma lowani mu Sitandade 1 mudzaone nokha. Ana amakhala pansi mothithikana, mphunzitsi alibe poponda kuti akaone chimene wakumbuyo walemba. Makalasi ena amaphunzirira pansi pa mtengo, ndiye mitambo ikangoda sukulu yawo yathera pomwepo. Aja okhala kutsidya kwa mtsinje amayamba aona madzi asanavale yunifolomu, chifukwa ukadzaza palibe kholo lingalole mwana wake kuwoloka pa mitengo iwiri yoyalidwa. Mlatho womwewo ndi umene tikanadutsitsirapo kabichi ndi tomato popita kumsika, choncho kulira kwa ana ndi kwathu n'kumodzi.

Aphunzitsi athu tisawaiwale. Nyumba pasukulu n'zochepa, ndiye ambiri amachita lendi ku malo a malonda, n'kumapalasa njinga m'matope tsiku ndi tsiku. Wachinyamata akatumizidwa kuno amakhala chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako amapempha kusamukira kufupi ndi tauni. Sitimuda, nayenso ali ndi banja. Otsalawo amachita zoposa malipiro awo. Ana a Sitandade 8 amawaitana m'mamawa ndiponso masana ena ataweruka, kuwakonzekeretsa mayeso amene amatsegula khomo la ku sekondale. Makolo timasonkherana kangachepe ka mapepala a mayeso oyeserera, ngakhale ndalama yake imalimbirana ndi ya feteleza wobereketsa.

Za atsikana timayankhula motsitsa mawu, koma n'zoona. Zimbudzi zikachepa kapena zikagwa ndi mvula, mtsikana wotha msinkhu amajomba masiku ena mwezi uliwonse. Njala ikakula, pamabwera amuna a tindalama ta geni ndi malonjezo awo. Gulu la amayi a pasukulu limayenda khomo ndi khomo kubweza otere, ngakhale amene abereka kale, ndipo akuluakulu a mpingo nawo ayamba kumva kuti kumuthamangitsa mwana wolakwa sikumuthandiza.

Zosangalatsa zilipo ndithu. Madzulo kwaya ya ana ikamakonzekera nyimbo za Pasaka, ife opalira m'minda yoyandikira timaimika khasu pang'ono. Kamwana ka Sitandade 3 kakaima kutsogolo Lamulungu n'kuwerenga Mawu osadodoma, agogo ake amaimba nthungululu osaona kuti ali m'tchalitchi. Ana omwewa ndi amene amatiwerengera mauthenga a pafoni ndi kutithandiza kuwerengetsera pa sikelo ya venda.

Tikupempha awerengi anu, makamaka inu amene munaphunzira kuno n'kukakhazikika ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, kuti pokonza zothandiza kwanu muzikumbukira miyezi ya Januwale mpaka Marichi. Ufa wa phala ufike teremu isanayambe, nyumba ya mphunzitsi ifoleredwe mvula isanagwe. Njerwa, mchenga ndi manja tili nazo kale, mafumu angotiuza tsiku.

Ine wanu,
Kholo la ku Dedza