OILO AKAMACHULUKA YEKHA, MUSAOMBE M'MANJA

Ndi ine uja mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota, amene ndinathawa mwera n'kudzamwa fumbi kuno ku Kasungu. Lero ndikuuzeni momwe ndikanaphera injini ya amalume chifukwa cha umbuli.

Amalume ali ndi Isuzu KB yakale ya dizilo, anaigula ndi ndalama za fodya. Ndi imene ndimanyamulira mabelo a bale kupita ku okushoni ya Chinkhoma. Galimoto imeneyi ikafa msika uli mkati, fodya wa mabanja angapo amangokhala m'zigafa ngongole ya feteleza ikudikira.

M'mawa uliwonse ndimasolola dipisitiki. Tsiku lina ndinaona oilo wadutsa pamzere wapamwamba, chonsecho sindinathiremo. Patatha masiku atatu wakweranso. Ine m'mtima: eee, galimoto yodalitsika iyi, anzathu akugula oilo ife akungobadwa yekha!

Ndinawaimbira bambo kunyanja n'kuwauza moseka. Iwo sanaseke. Anati, "Mwanawe, madzi akamachuluka m'bwato mvula isakugwa, usamangokapa. Funa pomwe pabooka." Bambo sanagwirepo chiwongolero chiyambire, koma mawu amenewo anandisowetsa tulo.

Kutacha ndinapita kwa amakaniko ena achikulire pa boma. Sanamasule kalikonse poyamba. Anangoti, "Nunkhiza." Fungo la dizilo lokhalokha. Anapaka oiloyo pakati pa zala: wopyapyala ngati madzi, osanata. Kenako anadontheza kadontho papepala loyera. Pakati panatsala bii, m'mbali munafalikira mkombero wotuwa. Anati akanakhala madzi a mu ledieta, oilo akanaoneka ngati tiyi wamkaka. Uyu ndi dizilo basi.

Ndiye anayamba kuwerenga zipata zomwe dizilo amalowera. Choyamba manozulo: nozulo ikatopa, m'malo mopopera ngati nkhungu imangodontha, dizilo osapsa yense amatsika m'mbali mwa pisitoni mpaka pansi. Zikatero injini imanjenjemera, utsi umatuluka woyera kapena wakuda. Chachiwiri ma ring akatha, ndipo galimoto imavuta kulira m'mawa. Chachitatu pampu: pa injini ngati yathuyi pampu imazunguzidwa ndi magiya omwe amasamba mu oilo, ndiye kalabala kotseka pa shafiti kakatha dizilo amangolowa chete, injini ikulira bwinobwino.

Manozulo anawayeza pa makina, onse anayi ali bwino. Utsi panalibe, mphamvu inalipo. Atachotsa pampu, kalabala kaja kanali kouma gwa, kong'aluka. Kanthu kochepa ngati mphete!

Anandiuza kuti ndikanapitiriza, oilo wosungunukayo akanaleka kuteteza ma bearing, injini n'kugogoda. Choopsa china, oilo akasefukira injini imatha kuyamba kumumwa ngati mafuta, n'kumalira mopenga ngakhale uchotse kiyi, mpaka kuphwasuka. Ndinaganiza za ine ndili mu M1 mabelo ali phaa kumbuyo, thupi lonse linazizira.

Tinasintha kalabala, kukhetsa oilo yense, kuika fyuluta yatsopano. Tinataya masiku awiri, amalume anadandaula ndithu, koma fodya analowa.

Chimene chinandipusitsa ndi ichi: kwathu kunyanja timasakaniza dala petulo ndi oilo pa injini za maboti, ndiye fungo la mafuta mu oilo silinkandidabwitsa. Pagalimoto ya dizilo awiriwa sayenera kukumana. Safunsa anadya phula, ine ndinatsala pang'ono.

Madalaivala anzanga, yezani oilo m'mawa injini isanalire, galimoto ili pamalo osapendekeka. Akakwera yekha musangopungulako n'kumapita, chifukwa kumeneko n'kukapa madzi bwato lili chibookere. Imitsani, funani pabowo.

Bambo ndawatumizira yogulira shuga pa Mpamba, ati malangizo ena akubwera.

Tumizani kwa aliyense amene ali ndi ya dizilo.