Makochi a ku America ali m'foni, athu ali m'mitu ya madala

Ana a masiku ano amadziwa makochi a basiketibolo a ku America kuposa mayina a azigogo awo. Imani pa kantemba kalikonse ku Lilanda mwezi wa Malichi, mupeza kamnyamata kakukuuzani, maso ali pa foni, kuti Mike Krzyzewski wa ku Duke anapambana masewero 101 mumpikisano wa chipulula wa makoleji, natenga chikho kasanu asanapume mu 2022. Dzina lovutalo kamalitchula lilime osapunthwa. Koma kafunseni amene anaphunzitsa bambo ake kunjanjitsa mpira kuseri kwa sukulu, muona kakukanda m'mutu.

Inu amene munakula m'ma 1980 mukukumbukira bwalo lathu mmene linalili. Simenti inali yong'ambikang'ambika, udzu utamera m'ming'alumo, ndipo mphepo ya Ogasiti ikawomba, fumbi limalowa mpaka m'mano. Mkombero unali chitsulo chopindidwa ndi wowotcherera wa kumsika, chopendekeka pang'ono, chopanda ukonde, moti mpira ukalowa bwinobwino osakhudza paliponse pamabuka mkangano wakuti walowa kapena wadutsa pambali. Mpirawo unali umodzi, woterera chifukwa chakutha, wokhala ndi chotupa mbali imodzi. Nsapato za Bata zansalu timazipaka choko kuti ziyere, ndipo wotuluka m'bwalo amavula n'kupatsa wolowa zikadali zotentha ndi thukuta. Madzulo utsi wa mbaula ukayamba kufalikira m'komboni, timadziwa kuti nthawi yatha, chifukwa bwalolo linalibe getsi ndi limodzi lomwe.

Kochi anali mphunzitsi wamba, mwina wa jogalafe, wezulo atamangirira ku chingwe cha nsapato. Mbiri ya kupambana kwake inkalembedwa kumapeto kwa kope la kaundula, ngati inkalembedwa n'komwe, ndipo kopelo linadyedwa ndi chiswe kapena linakulungira zitumbuwa. Chotsala ndi pakamwa pa anthu, ndipo pakamwa pa anthu zinthu zimanenepa. Timu imene inapambana masewero atatu otsatizana mu 1987, lero mukamva madala akusimba pamaliro, inatha zaka zisanu osagonja. Nane ndikakhala pagulupo ndimagwedeza mutu kuvomereza.

Tisaseke kwambiri, chifukwa matenda amenewa anagwira ngakhale mpira wamiyendo, umene unali mfumu ya masewero onse, ndi Dennis Liwewe wake pa wailesi. Godfrey Chitalu anamwetsa zigoli 107 mu 1972. Lionel Messi atamwetsa 91 mu 2012, dziko lonse likumuimbira m'manja, a ku Zambia anayamba kufukula nyuzipepala zakale kuti aonetse za Chitalu, ndipo FIFA inangoti siisunga mabuku a mipikisano ya m'mayiko. Ngati zinatero ndi Chitalu, munthu amene dzina lake linali pakamwa pa mwana aliyense, nanga mphunzitsi wa wezulo wa ku Lilanda angakumbukiridwe ndi ndani?

Anzathu a ku America amalemba chilichonse. Mpikisano wawo umayamba ndi matimu ambiri (anali 68 mu 2025), wogonja kamodzi amanyamula zikwama, ndipo wofuna chikho ayenera kupambana kasanu n'kamodzi motsatizana. N'chifukwa chake kochi amayezedwa ndi zimene wachita m'masabata atatu amenewa, ngakhale atagwira ntchito yotamandika miyezi inayi ya m'mbuyo. John Wooden wa ku UCLA anatenga zikho 10 pakati pa 1964 ndi 1975, zisanu ndi ziwiri mwa izo motsatizana. Dan Hurley wa ku Connecticut anatenga mu 2023 n'kubwereza mu 2024. Masewero akuluakulu amafika kuno cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, ndipo ana athu amadikira ndithu, bando atagula, foni atatchajiratu kwa neba poopa kuzima kwa magetsi. Ena, tinene zoona, sachezera usiku chifukwa chokonda mpira. Amakhala atabetcha ndalama ya ndiwo.

Manambalawo ndimawalemekeza, koma ndimawayang'ana ndi diso limodzi. Guy Lewis wa ku Houston anafikitsa timu yake kasanu pa ndime ya matimu anayi, chikho osachigwira. Anali ndi Hakeem Olajuwon, mwana wa ku Lagos, pamene anagonja 54-52 kwa North Carolina State mu 1983, mpira wa sekondi yomaliza. Chaka chotsatira anagonjanso pa ndime yotsiriza kwa Georgetown ya John Thompson, kochi woyamba wachikuda kutenga chikhocho. Kamnyamata ka pa kantemba kaona ziro pa dzina la Lewis n'kumuyesa wolephera. Tony Bennett wa ku Virginia analowa mpikisano wa 2018 timu yake ili pamwamba pa onse, n'kukwapulidwa 74-54 pa masewero ake oyamba ndi kasukulu kotchedwa UMBC, manyazi amene anali asanagwerepo timu ya pamwamba chotero. Mu 2019 munthu yemweyo, nzeru zomwezo, ananyamula chikho. Kuyeza kochi ndi chipulula chokha kuli ngati kuweruza mlimi poona mzere umodzi wa chimanga.

Ife tinkayeza mwina. Kochi wabwino anali amene amafika yekha pakhomo, n'kukhala pa kampando, n'kupempha makolo: "Amayi, mundibwerekeko mwana wanu Loweruka, ndibwera naye ndekha dzuwa lisanalowe." Mayi amayankha atapinda maondo pang'ono kuti, "Ba Kochi, mwana ndi wanu, akavuta mumulange." Zinali zaka zofola mzere wa ufa m'bandakucha, ndipo munthu wa malipiro a uphunzitsi amatulutsa za m'thumba mwake kugula mabanzi ndi shuga wa zigolo kuti anyamata asakomoke theka lachiwiri. Popanda ya basi, timu imayenda wapansi kudutsa Matero mpaka kutauni, mpira uli m'thumba la ufa, kochi ali kutsogolo, tayi ili m'khosi. Pomupatsa moni timagwira dzanja ndi manja awiri, ndipo chikwama chake chimalimbiranidwa.

Koma mawu aja akuti akavuta mumulange, ena ankawatenga monga chilolezo. Panali makochi amene amaphunzitsa ndi kapaipi, ukaphonya mpira wapafupi umadumpha chule kuzungulira bwalo mpaka miyendo kunjenjemera. Tsiku la mpikisano wa masukulu kumatulukira "ana" ometedwa ndevu m'mawa womwewo, ena oti kunyumba akuwadikira akazi awo, ndipo tonse timakhala chete chifukwa amapambanitsa timu. Atsikana amauzidwa kuti awo ndi ntchemberembaye, kapena kutunga madzi a osewera. Ndipo popeza panalibe cholembedwa, kochi wogonja chaka ndi chaka amakhalabe pa udindo, chifukwa mpira ndi pampu zimagona kunyumba kwake.

Lero mwana amapatsa kochi moni ndi chibakera, waya ali m'makutu, ndipo chilolezo cha makolo chimapemphedwa pa WhatsApp. Zimandiwawa m'maso. Komabe mwana yemweyo amafunsa chifukwa chimene timu ikutchingira malo m'malo motchinga munthu, funso limene ife tikanalandira nalo khofi, ndipo amaponya ndi manja onse awiri. Atsikana alowa m'bwalo, ndipo amene amatsata za kunja amakuuzani za Pat Summitt wa ku Tennessee ndi zikho zake zisanu ndi zitatu, kapena Geno Auriemma amene anafikitsa 12 mu 2025. Ku malo a zamasewero a OYDC, amene anatsegulidwa mu 2010, kuli mabwalo osalala amene ife sitinawalote n'komwe. Tikanati tikumane, timu yathu ya kale ndi ana awa, akanatichapa tisanapume n'komwe, ngakhale madala anzanga sadzavomera.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti nkhani yabwino ili pakhomo pomwepa. Matero Magic, otchedwanso Tamanga Boys, aneba athu enieni, atengapo chikho cha dziko lino kangapo ndipo aimirapo Zambia m'masewero odzigulira malo mu Basketball Africa League, ligi imene NBA ndi FIBA anayambitsa, n'kuseweredwa koyamba ku Kigali mu 2021. UNZA Pacers, timu ya pa yunivesite, nayonso inayendapo njira yomweyo. Awa ndiwo a Duke athu. Kumbuyo kwa matimu amenewa kuli makochi amene anapambana ndi kugonja masewero otsiriza ku NASDEC, anthu atadzaza mpaka pakhomo, koma kamnyamata kodziwa 101 wa Krzyzewski sikangakuuzeni kuti kochi wa kwawo wafika kangati pa ndime yotsiriza.

Tsono inu achinyamata, foni muli nayo, kuwerenga manambala mumatha. Pitani kwa madala a ku Lilanda, George ndi Matero akadali moyo, mukawafunse mayina a makochi, zaka, ndi matimu amene anakumana nawo, mulembe. Musakhulupirire mdala mmodzi. Funsani awiri padera, ndipo akagwirizana kuti timu yawo sinagonjepo, kafunseni wachitatu wa ku Chawama amene ankasewera nawo.